Apongozi Anapopera Dona

Anthu a ku Ndake ndi ozolowera zinthu msanga, koma za Wilbroad Sakala ndi akavalo ake zinawatengera nthawi. Munthu wamutu wake amaweta ng'ombe kapena mbuzi. Uyu anabwerako ku mafamu a ku Chisamba, kumene anathera unyamata wake akusesa makola a eni ake, atakweza pa lole nyama zosalima, zosakamidwa mkaka, zosadyedwa n'komwe. Ankamuseka poyera, iye n'kumaseka nawo. Kusekako kunachepa pamene anthu a magalimoto anayamba kupatuka pa msewu waukulu n'kumafunsa njira ya kwa a Sakala, kudzagula ana a akavalowo.

Mwa akavalo onse, mayi wa khola anali Dona. Dzinali anamupatsa ndi Febby, mkazi wa Wilbroad, chifukwa cha kayendedwe kake, pakuti ankaponda pansi ngati akuopa kudetsa nsapato. Ana abwino onse amene anatuluka pa famupo anali ake. Chaka chimenecho, mvula itangoyamba kumene, anali ndi kamwana kena ka miyendo yaitali kamene kanali kakuyamwabe.

Chaka chomwecho pakhomopo panafika mlendo wodzakhala. Bambo ake a Febby, a Vitalis Daka a ku Minga, anali munthu wa ng'ombe chiyambire ubwana wawo. Chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa aja, chinalowa m'khola mwawo n'kusesa zonse, ndipo pasanapite nthawi akazi awo nawonso anatsikira kuli chete. Febby anakawatenga. Anabwera ndi chikwama chimodzi, kampando kosema, ndi sipuleya yobereka kumsana imene anakana kuisiya ngakhale analibenso choti azipopera.

Tsono pakati pa mkamwini ndi apongozi pamakhala mtunda, ndipo Wilbroad analeredwa ku Chadiza ndi anthu amene ankausunga mtundawo osachepetsako. Mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi. Sawayang'ana m'maso. Akakumana nawo panjira amapatuka, kunyonyomala, n'kuomba m'manja. Akakhala ndi mawu olimba oti awauze, mawuwo amadzera mwa mkazi wake. Ambiri masiku ano amachita zimenezi mwa theka, pamaso pa alendo basi. Wilbroad ankachita zonse, ndipo tinene zoona, ankanyada nazo. Akamva kutchalitchi anthu akunena kuti mkamwini wa a Daka ndi munthu waulemu, ankayenda mopepuka tsiku lonse kuposa tsiku limene wagulitsa kavalo.

A Daka ulemuwo sunawanenepetse. Akatenga khasu, Febby ankawalanda. Akanyamula ndowa, Wilbroad ankathamanga kukailandira ndi manja awiri. Ntchito yawo inatsala kudya, kuthokoza, ndi kukhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango kumaonerera anzawo akutuluka thukuta. Munthu amene ankadzuka mbandakucha kukatsegulira ng'ombe anayamba kudzuka dzuwa litakwera, ndipo malaya anayamba kumukulira.

Tsiku lina Febby analawirira ku Nyimba kukagulitsa nthochi. Wilbroad anapita kudambo kukamweta udzu. Akubwerako ndi mtolo pamutu, anamva munthu akuimba kukhola. Anaima kaye, chifukwa mawuwo anali a apongozi ake, ndipo chiwaikire amayi aja m'manda sanawamvepo akuimba. Anasangalala. Kenaka mphepo inamubweretsera fungo, chimwemwe chija n'kuthera pomwepo.

Fungo limenelo ankalidziwa. Inali dipi ya ng'ombe, ya mtundu uja umene ku Chisamba ankauza wantchito aliyense tsiku loyamba kuti usayandikire kavalo. Ng'ombe imangodzigwedeza n'kumapita kukadya. Kavalo mankhwalawo amamulowa pakhungu n'kukaimitsa matumbo. Wilbroad anaonapo kavalo wina akufa nawo, ndipo sinali imfa yoti munthu n'kuiwala.

Anaponya mtolo pansi n'kuthamanga. Anapeza Dona atamangidwa pamtengo, thupi lonse likuchucha madzi oyera ngati mkaka, kuyambira kumakutu mpaka kumchira. Kamwana kaja anali atakatsekera m'khola, poti ngakhale thole laling'ono salipopera. A Daka anali atabereka sipuleya yawo, mikono ya malaya atapinda, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wabwerera kwawo.

"Awisi Jessy!" anamuitana motero, ndi dzina la mwana wake woyamba amene anali kusukulu ku Minga. "Bwelani muone. Nkhupakupa kunsi kwa mchila uku, zokhuta bwino. Vinthu ivi vinanisilizila ng'ombe zanga zonse. Koma pano yayi. Pano vizangena lini ine nikali moyo."

Wilbroad ankadziwa chochita, ndipo sichinali chovuta. Madzi ozizira ambiri, sopo, kumutsuka nthawi yomweyo mankhwala asanalowe. Chitsime chinali pomwepo, kuseri kwa khola. Mawu anafika pakhosi, mawu amodzi okha oti lekani. Koma ndani amauza apongozi kuti lekani? Ndani amatenga ndowa n'kuyamba kutsuka ntchito ya apongozi iwo akuona, ngati kuti apaka nyansi? Miyendo yake inachita zimene inazolowera. Ananyonyomala chapatali, anawerama, anaomba m'manja.

"Zikomo, atata," anatero. "Mwagwila nchito."

Mumtima anadzitonthoza kuti si kanthu, akuluwa apita kukasamba m'manja n'kukapumula, iye atsuka kavaloyo mwamsanga osaonedwa. Koma a Daka anakatenga kampando kawo n'kudzakhala pafupi ndi Dona, kulondera ntchito yawo.

"Musamusambike lelo," anatero. "Mankhwala yagwile bwino. Anthu ambili ndiye pamene alakwila apo."

"Ee, atata."

Dzuwa linakwera. Wilbroad anazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Anapita kuseri kwa nyumba kukamuimbira Febby kuti mawuwo adzere mwa mwana wawo monga mwa mwambo, koma foni inalirira m'nyumba momwemo, pazenera pamene mwini wake anaiiwala. Anabwerera.

"Atata, dzuwa lakula. Kapena mukapumuleko mukati?"

"Yayi, pano pali kamphepo kabwino."

Anaphika tiyi n'kukaika pakhonde. A Daka anapempha kuti awabweretsere pomwepo. Anayesa njira ina, nati akamudyetse Dona kudambo, maganizo ali pa mtsinje. A Daka anapukusa mutu, nati ayambe wauma. Kenaka anayamba kusimba za ng'ombe zawo, imodziimodzi ndi mayina ake, imene inkakana goli, imene inabereka mapasa, imene anaigula ndi thonje la chaka cha ukwati wa Febby. Wilbroad anakhala pansi chapatali akuvomera ee, ee, maso ali pa ubweya wa Dona umene unkauma pang'onopang'ono iye akuona.

Dzuwa litapendeka m'pamene a Daka anayasamula n'kukagona. Wilbroad anamasula kavaloyo, kupita naye kuseri kwa khola, n'kumutsuka mothamanga ngati wakuba, khutu lili kunyumba. Anathira ndowa pa ndowa mpaka manja anachita dzanzi. Fungo linachoka. Koma iye ankadziwa kuti akutsuka kunja kokha.

Febby anafika madzulo n'kupeza bambo ake akuseka, akufunsa za mtengo wa nthochi, akupempha kuti awaonjezere ndiwo. Anamukokera mwamuna wake kukhitchini, maso ali ndi misozi.

"Mwawaona atata lelo? Mwawachita chiyani? Kuchokela pa malilo sin'nawaonepo tele."

Apa ndiye panali poti anene. Mkazi wake anali pamaso pake, njira ya mwambo inali yotseguka, ndipo dokotala wa ziweto akanaitanidwa madzulo omwewo. Koma anayang'ana nkhope ya Febby n'kuganiza kuti mwina wamutsuka m'nthawi yake, mwina dipiyo inali yosungunula kwambiri, mwina inali yakale yotha mphamvu. Munthu akafuna kukhala chete, zifukwa sizisowa. Anangoti akuluwo apeza kantchito kowasangalatsa.

M'mawa mwake anapeza Dona ataima pakona ya khola, mutu uli pansi, mlomo wam'munsi uli lende. Gaga wake sanamukhudze. Wilbroad anayang'ana pansi ponse kufuna ndowe zatsopano, osaziona. Anaika khutu pamimba pa kavaloyo. Mimba ya kavalo wamoyo siikhala chete, imangolira ngati mtsinje wapansi, koma iyi inali zii. Atamukoka kuti ayende, anadzandira ngati woledzera, kamwana kake kakumutsata n'kumagunda bere ndi mphuno.

Anaimbira amai Immaculate Mwanza, dokotala wa ziweto wa ku Petauke amene ankawathandiza chiyambire famuyo. Febby ndi a Daka anaima pomwepo kumvetsera.

"Wadya chiyani?" anafunsa amai Mwanza pa foni, pofuna kudziwa za dzulo. "Pali chimene chasintha mailo?"

Wilbroad akanatha kuyenda pang'ono, kukaima kuseri kwa nkhokwe n'kunena zoona. Miyendo anali nayo. Koma tsopano nkhani inali itakula mutu wina. Kunena kuti apongozi apopera dipi kunali kunenanso kuti iye analipo, anaona, anathokoza. Dzulo ankabisa manyazi a apongozi. Lero ankabisa ake, ndipo mumtima ankadziwa kusiyana kwake.

"Sinidziwa bwino, amai," anatero. "Cioneka ni m'mimba cabe."

"Ngati ni m'mimba, muziyenda naye, mumupatse madzi, cakudya ayi. Nili na nkhumba zodwala ku njila ya ku Sandwe, nikasiliza nibwela."

Tsiku limenelo linali lalitali. A Daka anakana kukhala pansi. Anagwira chingwe okha n'kumayenda naye Dona kuzungulira bwalo, akumusisita pakhosi, akumulankhula ndi mawu aja olankhulira ng'ombe yodwala. Anatuma Febby kukatenga mafuta ophikira kuti amumwetse. Anafunsa ngati udzu wakudambo unalibe chomera choipa, ngati gagayo sanali wovunda, ngati sipanadutse njoka. Funso lililonse linkamulasa Wilbroad, ndipo anayankha onse mwaulemu, maso ali pansi. Mimba ya Dona inayamba kufufuma. Ankatembenuza mutu kuyang'ana m'nthiti mwake, kupalasa pansi ndi chiboda, thukuta lili noninoni.

Njinga yamoto ya amai Mwanza inafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, matope ali mpaka m'mawondo. Sanataye nthawi ndi malonje. Anamvetsera mtima, anatsegula mlomo kuona nkhama, anamvetsera mimba mbali zonse ziwiri. Kenaka anaimirira n'kukwinya nkhope.

"Kuwodzela uku sikwa m'mimba wamba," anatero. "A Sakala, kambani bwino. Anamwa mankhwala ena? Munamupaka kanthu? Munamupopela?"

Wilbroad asanapeze bodza lina, a Daka anayankha, ndipo anayankha mokondwa, ngati munthu amene akuchotsera dokotala ntchito imodzi.

"Za nkhupakupa musavutike nazo, amai. Ninamupopela nekha mailo, thupi lonse. Kuliye yatsala."

"Munamupopela na ciani, bambo?"

Anapita okha kukatenga botolo m'chikwama mwawo n'kulipereka ndi manja awiri. Amai Mwanza analitembenuza, kuwerenga, n'kutseka maso kanthawi. Polankhula sanakweze mawu. Anawauza a Daka kuti mankhwalawo ndi abwino kwa ng'ombe, koma kwa kavalo ndi poizoni, ndipo ndiwo amene aimitsa matumbo a Dona. Anati si mlandu wawo, anthu ambiri a ng'ombe sadziwa. Kenaka anatembenukira kwa Wilbroad, ndipo kwa iye sanafewetse.

"Koma imwe mudziwa, a Sakala. Munagwila nchito na akavalo zaka zingati? Munali kuti? Ndipo pa foni bwanji simunakambe? Mukanakamba, sembe nasiya nkhumba zija nabwela kuseni, mutangoimba foni, na mankhwala oyenela. Apa nabwela na va m'mimba cabe."

Febby anayang'ana mwamuna wake kudikira kuti anene kuti anali kudambo. A Daka anali atagwirabe chingwe cha Dona. Anayang'ana botolo lija, anayang'ana kavalo, kenaka anayang'ana mkamwini wawo nthawi yaitali.

"Analipo," anatero pang'onopang'ono. "Ananithokoza."

Amai Mwanza anachita zimene akanatha. Analowetsa paipi m'mphuno mwa Dona n'kuthira madzi ndi mafuta, anamubaya jekeseni woletsa ululu, nalonjeza kubwerera m'mawa ndi mankhwala ena. Anasunga lonjezo lawo, koma pamene njinga yawo inkamveka kumsewu, Dona anali atagona kale pansi pa mtengo wa mango, miyendo itawongoka. Kamwana kake kanali kataima pambali, kakumununkhiza kukhutu.

Febby sanalire mokweza. Analemba papepala mmene amai Mwanza anamuuzira kasakanizidwe ka mkaka wa kamwanako, anawaperekeza kumsewu, ndipo pobwerera anamupeza Wilbroad kuseri kwa khola.

"Ine n'nabwela madzulo," anatero. "N'nakufunsani m'khichini. Munaniyang'ana nikusekelela, imwe mudziwa." Sanadikire yankho.

Kavalo ndi nyama yaikulu, dzenje lake si la masewera. Anasankha malo kumapeto kwa munda wa chimanga, kumene nthaka inali yofewa ndi mvula. Wilbroad atafika ndi khasu ndi fosholo anapeza a Daka atayamba kale kukumba, malaya atavula, nthiti zikuwerengeka. Anakumba onse awiri osalankhulana, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Dothi lofiira linaunjikana m'mbali. Dzenje litafika m'chiuno, a Daka anaimika khasu n'kutsamira mpini, akupuma movutika.

"Awisi Jessy."

Wilbroad anayamba kunyonyomala m'dzenje momwemo.

"Imililani. Nipenyeni kumenso."

Anaimirira. Zinamuvuta kukweza mutu kuposa kukumba dzenje lonselo. Aka kanali koyamba kuona bwinobwino maso a apongozi ake chikwatirire mwana wawo, ndipo anali maso ofiira, otopa, opanda ukali.

"Sembe anali Jessy na sipuleya ija, sembe munacita tyani?"

"Sembe n'namukuwila, atata. Nikali patali."

"Sembe anali munthu wa ganyu?"

"Sembe n'namulanda."

"Ine munaniombela m'manja."

"N'naopa kukucititsani manyazi, atata. N'naona mukuimba, n'naona mwakondwa. N'nalakwa ine, osati imwe. Mlandu wonse ni wanga."

A Daka anapukusa mutu. "Mlandu mungatenge, koma manja ni yanga. Ng'ombe zanga zinafa na matenda. Ninalila, koma tulo ninagona, cifukwa ninayesa vonse. Uyu namupaya nekha, nikuimba nyimbo. Ninakhala pa mpando kumulonda kuti asasambe. Munanibweletsela na tiyi." Anapukuta nkhope ndi dzanja lodzaza dothi. "Manyazi ya kukalipiliwa sembe yanasila tsiku lamene lija. Aya nizafa nayo."

Wilbroad anafuna kulira, koma anaona kuti ngakhale misoziyo ikhala ngati akupempha kuti amutonthoze, ndipo analibe ufulu umenewo. Anatola fosholo. Anamaliza dzenje, anabwereka ng'ombe za mnansi kudzakokera mtembo, anakwirira. A Daka anaponda dothi pamwamba mpaka linalimba kuti agalu asafukule.

Masana Wilbroad anakhala m'khola ndi botolo la mkaka, akulimbana ndi kamwana kamasiye kamene kankakana mphira n'kumalira kuyang'ana kuchipata. Ali momwemo anamva mawu pakhonde. A Daka ankamuuza Febby kuti awafunire malo pa galimoto yopita ku Petauke, akatsikire pa mphambano ya ku Minga.

"Atata, kumudzi mukakhala na ndani?" Febby anali akulira tsopano. "Nyumba inagwa denga. Ng'ombe kulibe, amama kulibe. Kuno mudya, mugona pabwino, palibe amene anakunyozamponi. Mwasowa ciani?"

"Kunyoza yayi, mwana wanga. Mwamuna wako ni munthu waulemu, ningamunamizile lini."

"Nanga mupitilanji?"

Wilbroad anasiya kukakamiza kamwana kaja, mkaka ukudontha m'manja mwake, n'kumvetsera.

"Ku Minga kuli anthu amene anganiuze nikalakwa," anatero a Daka. "Nifuna nikakhale kwamene kuli anthu otele."